Musasunthe phalelo

Kwathu agalu ali ndi mayina, amphaka alibe. Galu aliyense amene tinawetapo ndikhoza kumutchula dzina ndi chifukwa chake chomwe, poti mayina a agalu kumudzi amakhala mawu olasa munthu wina wapafupi. Koma mphaka aliyense ndi Pusi. Akafa Pusi, pamabwera Pusi wina. Amene ndikufuna kukamba za iye lero wakhala ndi agogo anga aakazi ku Balaka kuyambira ndili Sitandade 5, ndipo pano ndili chaka chachitatu ku koleji. Werengani nokha. Kwa mphaka wakumudzi, amenewo ndi ukalamba weniweni.

Ndinafika kumudzi mu Okutobala, dzuwa lake la ku Balaka lija loti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Ndinapeza mlandu utagamulidwa kale: Pusi aikidwe m'thumba, amalume akamusiye kutali akamapita kumsika pa njinga. Zolakwa zake zinali zambiri. Anasiya kugwira makoswe. Ankalira usiku popanda chifukwa. Kawiri konse amayi anamupeza atapisa phazi m'ndowa ya madzi akumwa imene wina anaiwala kuvundikira, ndipo tsiku lina anagwera m'beseni la zochapa. Mayi wina woyandikana nafe anali atayamba kale kulankhula chapansipansi kuti mphaka wolira usiku, maso ali tong'o, sakhala mphaka chabe. Amene munakulira kumudzi mukudziwa kumene nkhani yotero imathera, makamaka ngati mwini mphakayo ndi nkhalamba.

Agogo sanakangane ndi munthu. Iwo ali ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo chaka chino afika poti munthu amamuzindikira ndi mawu basi. Anangoti, "Mukakamutaya ameneyo, mudzanditengenso ine mukandisiye pomwepo. Nanenso ndinasiya kugwira makoswe." Amalume anaseka, koma thumba lija analipachika. Anandipatsa sabata ziwiri. "Iwe wa sukulu, tiye tione."

Ine sindiphunzira za ziweto. Chimene ndinali nacho ndi foni, kabandulo kochepa, ndi mnzanga wina amene akuchita maphunziro a udokotala wa ziweto ku Bunda. Anayamba ndi kundiuza kuti matenda sapimidwa pa WhatsApp, kenako anandipatsa zoti ndichite. Choyamba, nditenge kathonje ndikagwetse patsogolo pa mphakayo. Thonje likamagwa silimveka ndipo silinunkhira, ndiye mphaka woona amalitsatira ndi maso mpaka pansi. Thonje ku Balaka sitisowa. Ndinagwetsa kasanu, Pusi ali phee ngati palibe chachitika. Chachiwiri, ndimuyang'ane m'maso ali padzuwa. Maso a mphaka akakhala powala, kakuda ka pakati kaja kamafinyika n'kukhala ngati kamzere. Ake anali otseguka ngati ali mu mdima, ndipo sanali oyera ngati a agogo. Chachitatu, nditsine khungu la pamapewa pake ndi kulisiya. La mphaka amene ali ndi madzi okwanira m'thupi limabwerera nthawi yomweyo. Lake linaima kaye ngati nsalu yokwinyika, n'kumabwerera pang'onopang'ono. Nkhama zake zinali zomata, osati zoterera.

Ndiye kulira konse kuja kunali ludzu. Mphaka amene anthu ankamunena za ufiti ankangofuna madzi, pakhomo pamene pali ndowa zinayi zodzaza.

Apa m'pamene ndinazindikira chinthu chimene chinandichititsa manyazi. Pa zaka zonsezi, palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anamupatsapo Pusi madzi. Nsima yotsala inde, mitu ya usipa inde, koma madzi ankadzipezera yekha: pansi pa thandala pamene mbale zimadontha, kuseri kwa bafa, ku ngalande ya ku mjigo. Kolera ya 2022 ndi 2023 itavuta, tinaphunzira kuvundikira ndowa iliyonse ndi kusasiya madzi ali ndendende pabwalo, ndipo tinachita bwino. Koma kwa iye zitsime za pakhomo zinauma, kunatsala ulendo wa ku mjigo. Maso atayamba kufa, ulendo umenewo, wodutsa pakati pa agalu ndi ana oponya miyala, unakhala wosatheka. Mu Okutobala, madzi a pansi pa thandala amauma musanamalize kutsuka.

Amphaka ndi nyama zosamva ludzu msanga. Makolo awo ndi amphaka akutchire a m'madera ouma a ku Africa ndi ku Middle East, amene madzi ambiri ankawapeza m'nyama zimene ankagwira. Thupi la khoswe, pafupifupi magawo 70 pa 100 aliwonse ndi madzi. Ndiye mphaka akasiya kusaka sataya ndiwo yokha, amatayanso chikho chake. Mnzanga uja anatchulanso zinthu ziwiri zimene zimakonda kupha maso a amphaka. China ndi impso zotopa ndi ukalamba, zimene zimakweza kuthamanga kwa magazi mpaka kachikopa kolandira kuwala kumbuyo kwa diso, kamene amakatcha retina, kamamatuka. Zikatere mphaka amachita khungu mwadzidzidzi, ndipo akafika kwa dokotala m'masiku oyambirira, mankhwala otsitsa BP nthawi zina amabweza maso. China ndi kusowa kwa taurine, chakudya cha thupi chimene chimapezeka m'nyama ndi m'nsomba koma osati m'chimanga. Akatswiri a ku America anasonyeza mu 1975 kuti mphaka wosowa taurine retina yake imawonongeka pang'onopang'ono. Ife anthu thupi limatipangira yokwanira, mphaka ayi. Ndikaganiza za amphaka onse a m'midzi mwathu amene timawaponyera nsima yokhayokha, n'kumati mphaka waulesi ndi amene wakhuta, ndimaona kuti makoswe ndi amene akhala akutibisira mlandu.

Tsopano ndiulule kupusa kwanga. Nditadziwa kuti vuto ndi ludzu, ndinathamanga kukatenga kapu ya pulasitiki, ndinadzaza madzi, ndinamunyamula Pusi pamene anagona, n'kumuviika mphuno m'madzimo kuti adziwe kuti alipo. Anayetsemula, anandikala pamkono mpaka magazi, anathawa n'kukadziomba pamwendo wa tebulo. Masiku awiri akangomva mawu anga ankalowa pansi pa bedi la agogo. Ine ndinkaona ngati ndikumuthandiza. Iye anangomva kuti chinthu chachikulu chamukwatula mu mdima n'kufuna kumumiza.

Ndinafunika kuyamba ndamvetsa mmene mphaka amamwera. Ngakhale woona bwinobwino, zinthu zimene zili pafupi kwambiri ndi nkhope yake saziona bwino, ndipo madzi oyera odekha amamuvuta kudziwa pamene ayambira. N'chifukwa chake ambiri amayamba apisamo phazi, zimene amayi ankaziona ngati mwano. Ndipo satunga madzi ndi lilime. Mu 2010 akatswiri a ku MIT ndi anzawo anajambula amphaka akumwa ndi makamera othamanga kwambiri, ndipo anapeza kuti nsonga ya lilime imangokhudza pamwamba pa madzi n'kubwerera msanga. Madzi amatsatira lilimelo ngati kachingwe, mphaka n'kutseka pakamwa kachingweko kasanaduke, ndipo amachita zimenezi pafupifupi kanayi pa sekondi imodzi. Kamwedwe kotere kamafuna kuti adziwe ndendende pamene pali madzi. Akalakwitsa pang'ono, anyambita mphepo kapena alowetsa mphuno. Mphaka amadana ndi madzi m'mphuno kuposa mmene amadanirana ndi ludzu, ndiye akapsa kangapo amangosiya.

Kapu ija inali yolakwika pa zonse. Inali yopapatiza, yoti ndevu zake zinkapindika akamalowetsa mutu, pamene kwa mphaka wosaona ndevu ndiye maso amene atsala. Inali yopepuka, akaikhudza ndi phazi inkatsetsereka kapena kugwa. Ndinayesa mbale yachitsulo ya ndiwo. Inkalira akaigunda ndipo iye ankadzidzimuka, komanso pofika masana madzi ake ankakhala ngati a tiyi. Amene anathetsa nkhaniyi ndi agogo, ali khale pamkeka kumvetsera ndikulimbana ndi ziwiya.

"Amunanga," amanditchula choncho akafuna kundiseka, "kodi ku koleji kwanuko simunaphunzire za phale?"

Kuseri kwa khitchini kunali tsinde la mtsuko wosweka, lotambalala, losazama, lolemera. Ndinapala m'mbali mwake ndi mwala kuti musamacheke, ndinalitsuka, ndinalikhazika pa nkhata ya nsanza pamwamba pa njerwa imodzi yogoneka, kuti nkhalambayo isamaweramitse khosi mpaka pansi. Dothi limasunga madzi ozizira, ndipo akaligunda silisuntha. Ndinalemba kamzere ndi khala m'kati mwake, chala chimodzi kuchokera pamlomo, kuti madzi azifika pomwepo nthawi zonse. Ichi ndi chimene ndingauze aliyense amene ali ndi mphaka wotere: mulingo wa madzi usamasinthe. Akaphunzira kuti ndikatsitsa mutu chonchi ndiwapeza, mutu wake umakumbukira.

Koma sanamwe tsiku limenelo, ngakhale lotsatira lake, ndipo chifukwa chinali ine ndemwe. M'mawa ndinkaika phale pakhonde poti pali mthunzi. Dzuwa likafika ndinkalisamutsira kuseri. Usiku ndinkalilowetsa m'nyumba kuopa agalu. Ndinkadziona ngati munthu wosamala kwambiri.

Sabata yomweyo, ndi mtima womwewo, ndinakonza m'chipinda mwa agogo. Munali zinthu mbwee: kampando pakati panjira, ndodo yotsamira pachitseko, kachitini ka fodya pansi pafupi ndi mwendo wa bedi, chikho pamwamba pa sutikesi. Ndinasesa, ndinakankhira kampando kukhoma, ndinapachika ndodo pa msomali, zing'onozing'ono zonse ndinaziika bwinobwino pawindo. Usiku tinamva kugwa. Agogo anadzuka kuti apite panja, anatambasula dzanja kuti agwire kampando kamene kwa chaka chonse kakhala kakuwauza kuti khomo lili kumanzere, ndipo anagwira mphepo. Mwamwayi anangosupuka bondo. Ndikuwatsuka balalo sanakalipe. Anati, "Iwe ukaona zinthu zili pakati panjira umati zabalalika. Ine m'mene zililimo ndi mmene ndimaonera. Wandikolopera maso."

Mawu amenewo sanandichoke mpaka lero. Munthu woona amanyamula nyumba m'maso, ndipo chinthu chikasuntha amangochitsatira. Wosaona amainyamula m'mutu, m'mapazi ndi m'manja, ndipo chilichonse chimene mwasuntha mwamung'ambira tsamba. Zimene ndinachita kwa agogo usiku umodzi, ndinkazichita kwa Pusi katatu pa tsiku.

Kutacha ndinabwezera chilichonse pamalo pake, agogo akundilangiza ali pabedi, mpaka kachitini ka fodya. Kenako ndinakhala pansi kumuyang'ana Pusi mmene amayendera. Sadutsa pakati pa chipinda. Amatsata khoma, ndevu za mbali imodzi zikukhudza chipupa, kuchoka pansi pa bedi, kudutsa pakhomo la kuchipinda, mpaka pakona ya pabalaza pamene pamakhala thumba la chimanga. Phale ndinaliika panjira yakeyo, m'nyumba, moyandikana ndi khoma, kutali ndi pamene timamuikira chakudya, poti amphaka ambiri sakonda kumwa pamene adyera. Patsogolo pake ndinayala chiguduli chokhakhala, kuti mapazi akachoka pa simenti n'kuponda chigudulicho adziwe kuti madzi ali pafupi, achepetse liwiro. Ndinaitana onse a pakhomo, mpaka ana a amalume, n'kuwauza kuti aliyense wosesa azisesa mozungulira.

Panatsala kumuuza kuti madziwo alipo popanda kumugwira. Pa intaneti amalangiza timakina tamagetsi totumphutsa madzi kuti mphaka azimva phokoso. Kwa agogo kulibe magetsi, ndipo ngakhale akanakhalako, mtengo wa kamakinako ndi ndalama yanga ya chakudya ya mwezi. Nzeru inachokera pa mpondagiya wa kuchimbudzi. Ndinatenga botolo la pulasitiki, ndinaboola kabowo ndi singano yotentha, ndinalimangirira ndi waya pa msomali pamwamba pa phale. Ukamasula chitsekero pang'ono limadontha, ukamanga limasiya. Ndinalisiya kuti lizigwetsa dontho limodzi pakapita kanthawi, tho, kenako tho, ndipo zosefukira zinkamwedwa ndi chiguduli. Tsiku loyamba ndinathiramonso masipuni awiri a msuzi wa usipa wowiritsa wopanda mchere, wopanda anyezi, poti anyezi amawononga magazi a amphaka. Mkaka, umene aliyense ankandiuza kuti ndimupatse, ndinaukana: amphaka ambiri akuluakulu umawatsegula m'mimba, ndipo wotsegula m'mimba madzi amathera pomwepo. Amalume anabwera ndi Panado kuti mwina akumva kupweteka. Ameneyo ndiye ndinachita kuwalanda m'manja. Kwa mphaka, ngakhale kachidutswa ka Panado ndi poizoni.

Anamwa usiku wachiwiri. Ndinali gone pamphasa pabalaza pomwepo, nyali itazima, ndipo ndinangomva. Mapazi pa chiguduli, kachete, kenako kaphokoso kofewa kothamanga kaja. Ndinayamba kuwerenga mumtima koma ndinasokonezeka. Anamwa nthawi yaitali moti ndinayamba kuopa. Kuchipinda agogo anatsokomola n'kunena chapansipansi, "Wamva?" Ndinati, "Ndamva, agogo." Nawonso sanagone.

Zotsatira zake zinali ntchito wamba. Tinamuyeza pa sikelo ya wogula nandolo, ali m'thumba lomwe lija lomutayira, ndipo analemera makilogalamu 3. Mphaka amafunika madzi okwana pafupifupi mamililita 50 pa kilogalamu iliyonse pa tsiku, kuphatikiza a m'chakudya, ndiye kwa iye ndi theka la botolo la Fanta lagalasi lija la mamililita 300. Mnzanga anandichenjeza kuti ndiziyang'ananso mbali inayo: mphaka wokalamba akamamwa mopitirira kwambiri, mpaka kuwirikiza muyezo umenewu, n'kumakodza pafupipafupi, chimakhala chizindikiro cha impso kapena shuga, ndipo pamenepo phale silithandiza, pamafunika dokotala wa ziweto. Madzi timasintha m'mawa uliwonse ndi kutsuka phale, kuopa ndere ndi udzudzu. Chakudya chake tsopano ndi usipa kapena bonya wonyikidwa m'madzi, nsima pang'ono chabe. Ndipo aliyense anaphunzira kuyamba walankhula asanamukhudze, ndi kusamunyamula popanda chifukwa, poti ukamutsitsa pena amakhala ngati munthu amene watsitsidwa m'basi usiku pamalo osawadziwa. Kulira kwa usiku kunachepa kwambiri. Maso sanabwerere, ndipo sabwerera.

Nditabwerera ku sukulu ndinafotokozera anzanga a m'chipinda nkhaniyi, ndipo mmodzi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati dziko lino anthu akuyenda makilomita kukasaka madzi, iwe watha tchuthi chonse kupangira mphaka shawa. Sindinamukwiyire, chifukwa funsolo nanenso linandifikapo ndili pamphasa paja. Koma taonani zimene zinalowa: phale losweka, njerwa, chiguduli, botolo lotola, ndi theka la Fanta la madzi pa tsiku, ochepa kuposa amene timataya potsukuluza kapu. Palibe munthu amene analandidwa kanthu. Chimene chinali chodula ndi kukhala pansi n'kuyang'anitsitsa mmene wina amayendera, ndipo chimenecho ndi chomwe ife ophunzira timachisowa kwambiri. Timabwera kumudzi ndi mtima wokonza zinthu. Timafika Lachisanu, Loweruka tasuntha kale mipando, tatsutsa kale kaphikidwe, tauza kale anthu zoyenera kuchita, ndipo sitinafunse n'komwe chifukwa chake kampando kali pakati panjira. Ndaona anzanga a mtima wabwino akumugwira dzanja mnzathu wosaona wa pa kampasi pano n'kuyamba kumukoka, osamufunsa kumene akupita. Ndinkaona ngati ndi chifundo. Pano ndikaona zotero ndimakumbukira mphuno ya Pusi m'kapu.

Sindikunena kuti agogo anga ndi mphaka, ndipo atamva kuti ndawalemba pamodzi akhoza kundilanda umuna uja. Vuto lawo lili ndi mankhwala. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, ndipo anthu ambiri amayambanso kuona. Iwo akhala akukana kwa zaka ziwiri, ati diso silipita ku mpeni. Tonse takhala tikuwakakamiza, aliyense ndi mawu ake okuluwika, ndipo akamakakamizidwa m'pamene amaumirira. Ulendo uno sindinawauze kanthu za chipatala. Tsiku lonyamuka anandifunsa okha ngati n'zoona kuti munthu sagonekedwa tulo pochita opaleshoniyo. Ndinawayankha zimene anafunsazo basi, kuti kawirikawiri amangochititsa dzanzi disolo, munthu ali maso. Anangoti, "Oho."

Lamlungu lapitali ndinaimba foni kumudzi. Amayi anati ntchito yodzaza phale agogo anailanda, salola wina. Amatsata khoma lomwe lija, akaponda chiguduli amagwada, amaika chala pamlomo wa phale n'kumathira mpaka madzi atakhudza nsonga ya chalacho. Kamzere kanga ka khala kanafufutika kalekale ndipo palibe amene anakalembanso. Ati usiku akafuna kutuluka amamvera kudontha kwa botolo kuti adziwe kumene kuli khomo la pabalaza. Botolo langa lija linang'aluka, ndipo amene anaboola lina ndi amalume.

Kenako anawapatsa agogo foni. Ndinawafunsa za bondo, anati linapola. Ndinawafunsa za Pusi, anati ali pamiyendo pawo pomwepo, wanenepa ngati wa kwa abusa. Ndiye anatsitsa mawu.

"Ukabwera pa Khirisimasi udzandiperekeze kwa a maso aja. Koma uwauziretu amako, masiku amene ndikakhale kumeneko, munthu asadzasunthe phalelo."